Laputopu ya ma GPU awiri ikamatuma ntchito ku GPU yolakwika

Laputopu ili ndi sitika ya NVIDIA GeForce kapena AMD Radeon pafupi ndi kiyibodi, koma mukatsegula gemu kapena pulogalamu yokonzera mavidiyo, zithunzi zikungodukaduka. Mwinanso lanu ndi vuto lina: mukungolemba kalata mu Word, koma fani ikulira osapuma, kunsi kwa laputopu kwatentha, ndipo batire lomwe limakhala maola 5 latha maola 2 asanakwane. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi. Makinawo ali ndi ma GPU awiri, ndipo ntchito yapita kolakwika.

GPU ndi chipangizo chimene chimajambula zonse zimene mumaona pa sikirini. Yoyamba imakhala m'kati mwa purosesa momwemo, mayina ake ndi monga Intel HD Graphics, Intel UHD, Iris Xe kapena AMD Radeon Graphics. Imadya magetsi ochepa ndipo imabwereka malo ku RAM. Muno tiziitchula kuti yaing'ono. Yachiwiri ndi chip yapayokha pa bolodi, yokhala ndi memory yakeyake, monga GeForce MX250, GTX 1650, RTX 3050 kapena Radeon RX 6600M. Iyi ndiyo yaikulu. NVIDIA inatulutsa njira yake yosinthira pakati pa ziwirizi mu 2010 n'kuitcha Optimus, pamene ya AMD yakhala ndi mayina angapo: PowerXpress, Enduro ndi Switchable Graphics.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti pa malaputopu ambiri sikirini inalumikizidwa ku GPU yaing'ono yokha. Yaikulu ilibe njira yakeyake yofikira sikirini. Ikajambula chithunzi imachipatsira yaing'ono, ndipo yaing'onoyo ndiyo imachionetsa. Ntchito yolemera ikatha, yaikulu imagona ndipo magetsi ake amadulidwa. Ndiye mukaona mu Advanced display kuti sikirini yalumikizidwa ku Intel, palibe chaonongeka, anaipanga choncho. Pa chifukwa chomwechi, musazimitse Intel mu Device Manager poganiza kuti mukakamiza NVIDIA kugwira ntchito. Mukatero Windows imayamba kuyendera driver yongogwirizira (driver ndi pulogalamu yoyendetsa chipangizo), mabatani ochepetsa kuwala amasiya kumvera, ndipo gemu imayenda moipa kuposa poyamba. Ngati munazimitsa kale, bwererani mu Device Manager, dinani pa dzina la Intel ndi batani lakumanja la mawusi, sankhani Enable device, kenako Restart.

Onani kaye, musanasinthe kanthu

Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke. Pa tsamba la Performance tsikani m'munsi, muona GPU 0 ndi GPU 1, iliyonse ndi dzina lake. Kawirikawiri GPU 0 ndi yaing'ono, koma werengani dzinalo, musangoganiza. Kenako pitani pa Processes, dinani ndi batani lakumanja pa mitu ya mizere, chongani GPU ndi GPU engine. Tsegulani gemu kapena pulogalamu ikuvutayo, igwire ntchito mphindi imodzi, dinani Alt ndi Tab kuti mubwerere, ndipo werengani zimene zalembedwa moyang'anizana ndi dzina lake.

Mupeza chimodzi mwa zitatu. Ngati palembedwa GPU 1 - 3D koma zithunzi zikudukabe, kusankha kuli bwino, vuto lili ku magetsi kapena kutentha. Ngati palembedwa GPU 0 - 3D, Windows yatuma ntchito kwa yaing'ono ndipo tiyenera kuiuza. Ngati GPU 1 palibiretu pa Performance, ndiye nkhani ya driver, BIOS (pulogalamu ya pa bolodi imene imadzutsa makina Windows isanayambe) kapena chip yeniyeniyo. Anthu ambiri amataya tsiku lathunthu ndi bandulo yonse kuchotsa ndi kuika ma driver, pamene kuyang'ana kwa mphindi ziwiri kukanawaonetsa kuti driver ilibe mlandu.

Desktop Window Manager, mbali ya Windows yoonetsa mawindo pa sikirini, ikamaoneka pa GPU 0 nthawi imene gemu ili pa GPU 1, musadandaule. Ndiko kupatsirana zithunzi kuja.

Tchaja

Batire silingathe kupereka mphamvu zonse zimene GPU yaikulu imafuna, choncho mukachotsa tchaja makina amadzichepetsa dala. Kuonjezera apo, NVIDIA ili ndi Battery Boost imene imaletsa gemu kupitirira zithunzi 30 pa sekondi mukakhala pa batire, pokhapokha mutaisintha mu NVIDIA App kapena GeForce Experience. Yesani zonse tchaja ili pakhoma.

Tchaja yakenso ikhale yoyenera. Apa ndi pamene malaputopu ogulidwa atagwira kale ntchito amapunthwira, chifukwa ambiri amabwera ndi tchaja ya makina ena imene yangokwana pabowo. Tembenuzani tchajayo muwerenge mzere wa Output, muchulukitse ma volt ndi ma amp. Yolembedwa 19.5V ndi 3.33A ndi ya 65W. Ya 19.5V ndi 7.7A ndi ya 150W, ndipo ya 19.5V ndi 9.23A ndi ya 180W. Kunsi kwa laputopu, kapena pansi pa batire ngati limachoka, amalembanso ma volt ndi ma amp amene makinawo amafuna. Laputopu yofuna 150W mukaipatsa 65W imayaka ndithu, batire n'kumadzaza pang'onopang'ono, koma GPU yaikulu siiloledwa kuthamanga, ndipo nthawi zina batire limatsika tchaja ili pomwepo.

Matchaja a Dell ndi HP a mutu wozungulira ali ndi kachitsulo kakang'ono pakati kamene kamauza laputopu mphamvu ya tchajayo. Kakathyoka kapena kupindika, makina amakhala ngati alandira tchaja yosadziwika ndipo amadzichepetsa kwambiri. Pa Dell, dinani F2 poyatsa, muone mzere wa AC Adapter. Pakalembedwa Unknown m'malo mwa nambala ya ma watt, sinthani tchaja musanakhudze china chilichonse. Chimodzimodzi magetsi akazima n'kuyamba kutchajira pa USB-C ya 65W yochokera ku power bank kapena ku sola: imakwanira kulemba ndi kuwerenga, koma siikwanira kuyendetsa RTX pa liwiro lake lonse.

Mu Windows 11, pitani ku Settings, System, Power & battery, muike Power mode pa Best performance. Mu Windows 10 dinani kachithunzi ka batire n'kukokera kumanja. Malaputopu a magemu alinso ndi batani lawolawo, Fn ndi Q pa Lenovo Legion, Fn ndi F5 pa ASUS ambiri, ndipo likhoza kudinidwa mwangozi n'kuika makina pa kayendedwe kachete kopanda mphamvu.

Kuiuza Windows GPU yoti igwiritse ntchito

Kale tinkasankhira mu NVIDIA Control Panel, pa Manage 3D settings. Kuyambira pa Windows 10 ya mu Meyi 2020, yotchedwa 2004, mawu omaliza ali ndi Windows. Zimene mwasankha mu Settings zimaposa zimene mwasankha kwa NVIDIA kapena AMD. N'chifukwa chake malangizo akale a pa intaneti amaoneka ngati sakugwira, ndiponso chisankho chakale cha Run with graphics processor chinasowa pa menyu ya batani lakumanja.

Pitani ku Settings, System, Display, kenako Graphics pa Windows 11 kapena Graphics settings pa Windows 10. Ngati pulogalamu yanu palibe pa mndandanda, ionjezereni posankha Desktop app ndi Browse, kapena Add desktop app pa Windows 11 yatsopano. Dinani dzina lake, sankhani High performance, sungani. Yang'anani dzina la GPU limene lalembedwa pansi pa High performance. Likakhala la Intel pamene la Power saving ndi la Intel lomwelo, Windows siikuiona yaikulu, dumphani mupite ku gawo la GPU yaikulu ikasowa. Mukasunga, tsekeratu pulogalamuyo, kuphatikizapo kachithunzi kake kobisala pafupi ndi wotchi, kenako itseguleninso. Pulogalamu imasankha GPU pa nthawi yotseguka basi, siisintha ili m'kati mwa ntchito.

Mwasankha bwino koma Task Manager ikuonetsabe GPU 0? Mwina mwaloza fayilo yolakwika. Magemu ambiri ali ndi mafayilo awiri: launcher imene imangotsegula chitseko, ndi fayilo ina imene ndiyo gemu yeniyeni. Magemu opangidwa ndi Unreal Engine amabisa fayilo yeniyeniyo mu foda ya Binaries, m'kati mwa Win64, ndipo dzina lake limathera ndi Win64-Shipping.exe. Minecraft ya Java imayendera javaw.exe. Njira yosalakwa ndi iyi: gemu ili yotsegula, pitani pa Details mu Task Manager, pezani fayilo imene ikudya CPU ndi memory kwambiri, dinani ndi batani lakumanja, sankhani Open file location. Fayilo imene yaonekerayo ndiyo yoika pa mndandanda.

Apa pali chifukwa chenicheni chimene vutoli limabwererabwerera. Windows imasunga chisankho chanu pamodzi ndi njira yonse yopita ku fayiloyo, kuyambira pa C mpaka pa dzina lake, mu registry, nkhokwe ya zisankho za Windows, pa HKEY_CURRENT_USER\Software\Microsoft\DirectX\UserGpuPreferences. Pamenepo GpuPreference=2 ndi yaikulu, 1 ndi yaing'ono. Pulogalamu ikadzikonza n'kusamukira mu foda yatsopano ya nambala ina, kapena mukasamutsa gemu kuchoka pa C kupita pa D, chisankho chija chimatsala chikuloza malo opanda kanthu. Palibe chaonongeka. Chotsani chakalecho pa mndandanda, muike chatsopano.

Mapulogalamu ena samvera Windows pa ntchito yawo yolemera, amasankha okha. Mu Blender pitani ku Edit, Preferences, System, muchonge GPU yanu pansi pa CUDA kapena OptiX, kenako pa Render muike Device pa GPU Compute. Mu DaVinci Resolve zili mu Preferences, pa Memory and GPU. Mu Premiere Pro zili mu Project Settings, pa Renderer. Ndipo mukaona Intel ikugwira ntchito pa Video Decode pamene mukukonza vidiyo, isiyeni. Quick Sync ya Intel imamasula mavidiyo a H.264 ndi HEVC bwino kwambiri, ikupeputsira yaikulu katundu.

GPU yaikulu ikasowa

Musanathamangire ma driver, tsegulani pulogalamu ya kampani yopanga laputopu. Mu Armoury Crate ya ASUS muli GPU Mode: Eco imazimitsiratu yaikulu mpaka kusowa mu Device Manager, ndipo Optimized imaizimitsa mukangochotsa tchaja. Ikani pa Standard. Lenovo Vantage ilinso ndi chisankho chonga chomwecho pa Legion. Kenako dinani Restart, osati Shut down. Chifukwa cha Fast Startup, Shut down imasunga ma driver mmene analili n'kuwadzutsa ndi vuto lawo lomwelo, pamene Restart imawayambitsa mwatsopano.

Zikapanda kusintha, dinani Windows ndi X, tsegulani Device Manager, tambasulani Display adapters. Payenera kuoneka mayina awiri. Pakakhala Microsoft Basic Display Adapter, kapena 3D Video Controller ya chizindikiro chachikasu pansi pa Other devices, driver palibe, ndipo izi zimachitika kawirikawiri Windows ikangoikidwa kumene. Dzina likakhalapo koma lili ndi chizindikiro chachikasu, tsegulani Properties muwerenge nambala. Code 43 ikutanthauza kuti driver yanena kuti chipangizo chalephera. Ngati zayamba Windows itangodzikonza, pa tsamba la Driver dinani Roll Back Driver, nthawi zambiri zimathera pomwepo.

Roll Back ikakanika, ikani ma driver mwatsopano, ndipo dongosolo lake ndi lofunika. Yambani mwatsitsa zonse: driver ya yaing'ono, driver ya yaikulu, ndi pulogalamu yaulere ya Display Driver Uninstaller, yodziwika kuti DDU. Ma driver tengani pa tsamba la kampani yopanga laputopu, polemba nambala ya makina imene ili pa sitika ya kunsi. Iwo anayesa ma driver awiriwo pamodzi pa bolodi yomweyo, ndipo pa makina akale zimenezi n'zofunika kuposa kukhala ndi driver yatsopano. Ya NVIDIA yokha imaposa 500 MB, ndiye werengerani bandulo yanu, ndipo mafayilowo muwasunge pa flash kuti musadzagulenso intaneti pa ntchito yomweyi. Ngati hard drive yanu ili yokhomedwa ndi BitLocker, lembani kaye kiyi yake ya manambala 48 papepala, imapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft. Safe Mode (kuyatsa Windows ndi zofunikira zokha) ndi kusintha BIOS zikhoza kuifunsa, ndipo popanda kiyiyo mafayilo anu simuwaonanso.

Zimitsani Wi-Fi. Gwirani Shift mukudina Restart, sankhani Troubleshoot, Advanced options, Startup Settings, Restart, kenako dinani 4. Mu Safe Mode tsegulani DDU, chotsani driver ya yaikulu, kenako ya yaing'ono, makina ayakenso. Intaneti ikadali yozimitsa, ikani ya yaing'ono poyamba, Restart, kenako ya yaikulu, Restart kachiwiri. Yaikulu imadalira yaing'ono kuti ionetse chithunzi, choncho mukatembenuza dongosololi kuika kukhoza kukanika kapena kusinthana kwake n'kusokonekera. Tikuzimitsa intaneti chifukwa Windows Update ikaona kuti driver palibe, imathamangira kuika yake inu musanamalize. Ntchito yonseyi musaiyambe batire lili pansi pa theka. Ngati pakufunikanso kukonza BIOS, dikirani nthawi imene batire ladzaza ndipo tchaja ili pakhoma, chifukwa makina akazima BIOS ili m'kati molembedwa, bolodi ikhoza osadzukanso.

Mukamaliza, ikani Wi-Fi yanu pa Metered connection. Zimasunga bandulo, komanso Windows imaleka kutsitsa ma driver mwakachetechete. NVIDIA Control Panel ikasowa, itengeni mu Microsoft Store, ma driver a masiku ano sabwera nayo m'kati nthawi zonse. Ikatseguka ilibe gawo la Display, si vuto, sikirini ili m'manja mwa yaing'ono.

Malaputopu akale a Intel ndi Radeon HD, monga HP Pavilion a zaka za 2011 ndi 2012, ali ndi vuto lawolawo pa Windows 10: sikirini imada kwa mphindi yathunthu poyatsa kapena podzuka. Gwero lake kawirikawiri ndi njira yosungira magetsi ya AMD yotchedwa ULPS. Tsegulani regedit, pulogalamu yosinthira registry, dinani Ctrl ndi F, fufuzani EnableUlps, sinthani 1 akhale 0, dinani F3 kufufuza pena mpaka atha. EnableUlps_NA musaikhudze. Batire lizitha msanga pang'ono, ndipo driver ikaikidwanso muyenera kubwereza.

Batire likamatha msanga

Apa yaikulu ikukana kugona, ndipo pali chimene chikuidzutsa. Mu NVIDIA Control Panel, pa menyu ya Desktop, chongani Display GPU Activity Icon in Notification Area. Kachithunzi kaoneka pafupi ndi wotchi: kakakhala kotuwa GPU yagona, kakakhala ndi mitundu ili maso, ndipo mukakadina kakuuzani mayina a mapulogalamu amene aigwira. Kawirikawiri amakhala Chrome, Edge, Discord, launcher ya magemu kapena pulogalamu ya zithunzi zoyenda za pa desktop. Aikeni onse pa Power saving mu Graphics muja, muwatseke ndi kuwatsegulanso. Dziwaninso kuti zoyezera monga MSI Afterburner, GPU-Z ndi lamulo la nvidia-smi zimaidzutsa GPU pofuna kuiwerenga, ndiye zitsekeni musanaweruze.

Onaninso Power management mode pa Global Settings, mu Manage 3D settings ya NVIDIA Control Panel. Prefer maximum performance ikaikidwa pamenepo, GPU imakhala pa liwiro lalikulu ngakhale ntchito ili yochepa. Ibwezereni pa Normal kapena Optimal power, ndipo maximum muziika pa gemu imodzimodzi mu Program Settings. Kuzimitsa yaikulu mu Device Manager sitikulimbikitsa. Pa makina ena driver ndiyo imadula magetsi a chip, ndiye driver ikachoka chip imatsala yoyaka popanda woigoneka.

Zonsezi zikakhala bwino, yezani batire lenilenilo. Mu Command Prompt lembani powercfg /batteryreport, tsegulani fayilo yatulukayo, yerekezani Design capacity ndi Full charge capacity. Ya chiwiri ikakhala theka la yoyamba, batire lakalamba ndipo GPU ilibe mlandu.

HDMI, pulojekita ndi BIOS

Pa malaputopu ambiri a magemu, bowo la HDMI linalumikizidwa ku yaikulu. Mukangolowetsa waya wa TV kapena pulojekita, yaikulu imadzuka ndipo siigona mpaka mutachotsa. Amene akukaonetsa zithunzi pa msonkhano kumalo kopanda magetsi odalirika aziyembekezera kuti batire litha msanga. Mapulogalamu amene anatsegulidwa wayayo ali pomwepo amatsalabe pa yaikulu ngakhale mwachotsa, mpaka mutawatseka. Kuti mudziwe bowo lililonse likupita kuti, tsegulani tsamba la PhysX mu NVIDIA Control Panel, pali chithunzi choonetsa zimenezo. Ubwino wake ndi woti pa sikirini yakunja yolumikizidwa ku yaikulu gemu imathamangako pang'ono, popeza zithunzi sizikudzera kwa yaing'ono.

Makina ena ali ndi kachipangizo kotchedwa MUX, kamene kamalumikiza sikirini ya laputopu mwachindunji ku yaikulu. Pa ASUS ndi Ultimate, pa Legion mumazimitsa Hybrid Mode, pa ThinkPad za mtundu wa P dinani F1 poyatsa mupite ku Config, Display, Graphics Device, musankhe pakati pa Hybrid ndi Discrete. HP ZBook ili nazo mu BIOS ya F10. Kusinthaku kumafuna Restart, kupatula pa makina a Advanced Optimus amene anayamba kutuluka mu 2020. Discrete ndi ya munthu amene laputopu yake imakhala patebulo tchaja ili pakhoma. Wina aliyense akhale pa Hybrid. Sikirini ikada mutasintha, dinani Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi kuti driver idzuke, mumva kulira kamodzi. Zikakanika, lowani mu BIOS mubwezere chisankhocho. Ndipo ngati BIOS yanu ndi pulogalamu ya kampani yopanga laputopu zonse zilibe chisankho chimenechi, ndiye kuti MUX mulibe, palibe pulogalamu imene ingaikemo.

Ngati muli pa Ubuntu m'malo mwa Windows, lamulo lolemba mu Terminal ndi sudo prime-select on-demand, kenako Restart, ndipo pulogalamu mumaitsegula ndi batani lakumanja posankha GPU yaikulu. Pa Radeon lembani DRI_PRIME=1 patsogolo pa dzina la pulogalamu.

Kutentha

Gemu ikamayenda bwino mphindi 10 zoyamba kenako n'kuyamba kudukaduka, makamaka masana a mu Okutobala, onani kutentha kwa GPU 1 pa Performance. Ma GPU a NVIDIA a m'malaputopu amadzichepetsa akafika cha m'ma 87 digiri. Fumbi la m'chilimwe limaunjikana pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira mpweya mpaka kukhala ngati thonje, ndipo kuuzira kunja sikulichotsa. Zimitsani makina, tsegulani chivundikiro cha kunsi, chotsani kawaya ka batire pa bolodi poyamba, masulani fani, chotsani thonjelo ndi kabulashi kouma. Pouzira mpweya gwirani fani ndi chala isazungulire. Makina akadutsa zaka 3 kapena 4, sinthani thermal paste (phala lochotsa kutentha pa chip) pa purosesa ndi pa GPU, kadontho kochepa ngati njere ya mpunga pa chip iliyonse. Timapadi tofewa ta pa memory tibwezereni mmene tinalili, paste singalowe m'malo mwake. Laputopu isakhale pa matiresi kapena bulangete, mpweya umalowera kunsi.

Code 43 ikabwererabe mutaika ma driver mwatsopano, BIOS ili yatsopano, tchaja ili yoyenera, makamaka ngati pa sikirini pamatuluka mizere kapena timabokosi ta mitundu yaikulu ikangodzuka, chip kapena memory yake yaonongeka. Ena amaiwotcha ndi mpweya wotentha. Imadzuka kwa milungu kapena miyezi ingapo n'kufanso, ndipo motowo umafooketsa zida zoyandikana nayo. Ngati BIOS ili ndi UMA kapena Integrated, kutanthauza yaing'ono yokha, sankhani zimenezo. Ngati ilibe, apa pokha ndi pamene kuizimitsa mu Device Manager kuli koyenera. Laputopuyo ipitiriza kugwira ntchito za mu ofesi ndi za kusukulu pa yaing'ono, ndipo ngati Task Manager ikuonetsa Slots used 1 of 2 pa Memory, onjezerani RAM yachiwiri yofanana ndi yoyamba, chifukwa yaing'ono imathamanga kwambiri RAM zikakhala ziwiri.